Musathamangire kufomata: vayirasi ya pa fulashi ndi funso la antivayirasi yabwino

Mwana wa mchemwali wanga adafika kunyumba maso ali psuu, fulashi ili m'manja. Adapita pa kasitefonale kena pafupi ndi msika wa Zingwangwa kukapulinta kalata yofunsira ntchito ndi mapepala a sukulu amene adajambulitsa. Pobwerako, mafoda onse a m'fulashimo anali ndi kamuvi kakang'ono pakona, ndipo akadina, kawindo kakuda kankangoti phethi n'kuzimiririka. Mnyamata wa pa sitefonalepo adamuuza kuti vayirasi yadya mafayilo onse, palibe chopulumutsa, angolipira kandalama pang'ono amufomatire fulashiyo iyambenso moyo watsopano. Mwayi wake ndalamayo analibe.

Mafayilo ake onse anali momwemo. Palibe ngakhale imodzi imene idasowa.

Mawu akuti vayirasi yadya mafayilo ndawamva ku Ndirande, ku Bangwe, ku Machinjiri, paliponse pamene pali benchi, kompyuta yakale ndi chikwangwani choitanira anthu kudzaikitsa nyimbo ndi mafilimu. Ndipo amandipweteka mutu, chifukwa nthawi zambiri si vayirasi imene imawononga ntchito ya munthu. Amawononga ndi amene wadzipereka kuchiritsa.

Vayirasi imene anthu amaitcha ya shotikati ili ndi nzeru zimene ndimazigomera ngakhale ndimadana nazo. Windows imalola fayilo kapena foda iliyonse kuikidwa zizindikiro. Chimodzi chimati chinthuchi chibisike, china chimati chinthuchi ndi cha Windows yeniyeniyo, wamba asachione. Mukasomeka fulashi pa kompyuta yodwala, vayirasi imadzikopera m'fulashimo, kenako imaika zizindikiro ziwirizi pa mafoda anu onse. Mafodawo sachoka pamalo pake, amangoleka kuoneka. Pamalo pa foda iliyonse imapanga kafayilo kolozera, ka dzina lomwelo, ka chithunzi chomwecho cha foda yachikasu. Kusiyana kwake ndi kamuvi kaja basi. Inu mukadina poganiza kuti mukutsegula foda yanu, kafayiloko kamayamba kaye kudzutsa vayirasi, ndipo mitundu ina yochenjera imakutsegulirani foda yeniyeniyo pambuyo pake kuti musakayike kanthu. Pamenepo vayirasi yalowa m'kompyuta yanu, yadzilemba pa mndandanda wa mapulogalamu amene amadzuka kompyuta ikamayaka, ndipo yakhala phee kudikira fulashi yotsatira.

Chifukwa chiyani njira yokhotakhota chonchi? Kale sizinkafunika. M'masiku a Windows XP, fulashi inkatha kuuza kompyuta pulogalamu yoti iyambitse, kudzera m'kafayilo kotchedwa autorun, ndipo mavayirasi ankadutsa pakhomo limeneli ngati pakwawo. Microsoft idatseka khomoli pa mafulashi mu Windows 7 m'chaka cha 2009, ndipo mu Febuluwale 2011 idatumiza kusintha komweko kwa amene anali pa XP ndi Vista. Olemba mavayirasi adatsala ndi chinthu chimodzi choti awatsegulire chitseko: chala chanu. Shotikati yonse ija ndi nyambo yoti mudine nokha. Ndiye chimene chimaoneka ngati kuwononga, kubisa mafoda kuja, si cholinga chake ayi. Akadasiya foda yeniyeni poyera, ndani akadadina yabodza?

Umboni wake ngwosavuta. Onani kukula kwa zimene zili m'fulashi. Ngati ikunena kuti muli zinthu zokwana magigabayiti atatu pomwe inu mukungoona timashotikati tolemera makilobayiti awiriawiri, katundu wanu ali momwemo. Kungouza Windows kuti ionetse zobisika sikukwanira, ndipo apa ndi pamene anyamata ambiri amagonjera. Pamafunika kuchotsanso chizindikiro chachiwiri chija, chobisa mafayilo a Windows. Amene amadziwa amalemba lamulo lotchedwa attrib pa kawindo kakuda ka cmd, mafoda onse n'kubwerera pa masekondi ochepa. Umu ndi momwe tidabwezera makalata a mwana uja, titayamba tachotsa vayirasiyo. Kufomata kukadachotsa vayirasi, inde, pamodzi ndi zonse zimene ankalirira. Ndipo mawa lake akadakasomekanso fulashiyo pa kompyuta yomwe ija.

Kompyuta ya pa sitefonale ili ngati chitsime cha mudzi wonse. Anthu a mu Blantyre sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi titadutsa m'kolera wa 2022 ndi 2023, pamene sukulu za mumzinda uno zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Chidebe chimodzi chakuda chikalowa, aliyense wotunga pambuyo pake wasenza. Wa kwaya wabwera ndi nyimbo zake, wophunzira wa ku MUBAS ndi ntchito ya kalasi, mayi wa banki m'khonde ndi mndandanda wa ngongole, mnyamata wa vidiyo sho ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa. Onse akusomeka pa bowo limodzi. Njira imeneyi si yachilendo: vayirasi yoyamba kufala pa makompyuta a mtundu wa IBM PC, yotchedwa Brain, idachokera ku Lahore m'dziko la Pakistan mu 1986 ndipo inkayenda pa madisiki opatsirana pamanja. Ndiponso si yachikale. Mu 2022 akatswiri a kampani ya Red Canary adalengeza za vayirasi ya Raspberry Robin, yoyenda pa mafulashi ndi mashotikati omwewa, imene pambuyo pake idapezeka ikutsegulira njira magulu otseka makompyuta n'kumafuna dipo. Kubisa mafoda ndi chizindikiro chabe, ngati kutentha thupi. Nthenda yeniyeni ndi yakuti munthu wina kutali akhoza kuona mapasiwedi amene mukulemba.

Tsono anthu akafika pofunsa kuti antivayirasi yabwino ndi iti, amafuna dzina limodzi, ngati dzina la mankhwala a mutu. Ndipo yankho limene amapatsidwa pa benchi limakhala Smadav. Kachizindikiro kake kobiriwira kali pa laputopu iliyonse ya kaunjika imene ndaionapo. Smadav ndi pulogalamu ya ku Indonesia, ndipo pa ntchito yoyeretsa fulashi ndi kubwezeretsa mafoda obisika imathandizadi, n'chifukwa chake idatchuka kuno. Koma eni ake omwe amanena poyera kuti adaipanga ngati chitetezo chowonjezera, chogwira ntchito pambali pa antivayirasi yaikulu. Ife taisandutsa dokotala wamkulu. Ndaonapo makompyuta amene chitetezo cha Windows chidazimitsidwa dala, Smadav n'kutsala yokha pakhomo.

Ena amapita mbali inayo. Amaika Avast, n'kuwonjezera AVG, n'kuwonjezeranso Avira, amvekere atatu ndi atatu, vayirasi idzera pati? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Antivayirasi yaikulu iliyonse imafuna kukhala yoyamba kugwira fayilo iliyonse imene ikutsegulidwa, ndipo zikakhala ziwiri zimalimbirana fayilo imodzimodziyo, ina n'kumaona inzake ngati mdani. Laputopu yokhala ndi memole ya magigabayiti 4 imayamba kukwawa, mwini wake n'kumati vayirasi yachuluka, n'kupita kukaikitsa yachinayi. Choseketsa n'chakuti atatu aja ndi a nyumba imodzi. Avast idagula AVG mu 2016, ndipo lero Avast, AVG, Avira ndi Norton zonse zili pansi pa kampani imodzi ya Gen Digital.

Koma chimene chimandikwiyitsa koposa ndi antivayirasi ya crack, yakuba yothyoledwa laisensi. Taganizani bwino. Mukufuna mlonda. Mukupita kwa munthu amene ntchito yake ndi kuthyola maloko a eni ake, n'kumupempha akupatseni mlonda waulere. Ndipo malangizo oyamba a crack iliyonse, kaya ndi ya antivayirasi, ya Office kapena ya Windows, amati yambani mwazimitsa chitetezo. Anthu amazimitsadi, mosangalala. Vayirasi yotchedwa STOP kapena Djvu, imodzi mwa zimene zagwira makompyuta a anthu wamba ochuluka padziko lonse, idafala makamaka kudzera m'mapulogalamu akuba ngati amenewa. Iyoyo sibisa mafayilo ayi. Imawasokoneza ndi kiyi amene inu mulibe, n'kusiya kakalata kofuna madola 980, kapena 490 mukalipira m'maola 72. Pamenepo attrib sathandiza, Smadav sathandiza, kufomata sikubweza kanthu. Zithunzi za ukwati zapita.

Amene amaganiza kuti zofuna dipo ndi za kunja akumbuke chiyambi cha 2024, pamene ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata angapo. Mu Febuluwale chaka chimenecho, Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa makompyuta adalowa m'makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndipo ankafuna dipo, koma boma silipereka. Lamulo loona za milandu yotere lilipo kuyambira 2016, ndipo pansi pa bungwe la MACRA pali gulu loona za chitetezo cha makompyuta. Koma lamulo silingalowe m'laputopu ya munthu wa ku Chilomoni kukamuyatsira chitetezo chimene adazimitsa yekha.

Dzina limene anthu amafuna lija, ambiri ali nalo kale osadziwa. Kuyambira pa Windows 8 mu 2012, Windows iliyonse imabwera ndi antivayirasi yakeyake, imene lero imatchedwa Microsoft Defender. Ndi yaulere, siitha masiku, ndipo siikuvutitsani ndi mauthenga oti mugule china. Pali mabungwe awiri odziimira paokha amene amayesa mapulogalamuwa chaka chonse powaponyera mavayirasi enieni, AV-TEST ya ku Magdeburg m'dziko la Germany ndi AV-Comparatives ya ku Innsbruck ku Austria, ndipo zotsatira zawo amaziika poyera pa intaneti. Zaka zapitazi Defender yakhala ikupeza mamalikisi apamwamba limodzi ndi zogula ngati Bitdefender, ESET ndi Kaspersky. Mbiri yoti ndi yofooka idatsalira kuchokera zaka khumi zapitazo, ndipo akuisunga ndi amene amadya pa kuika zina.

Pali kanthu kamodzi m'mayeso a AV-Comparatives kamene kamatikhudza ifeyo kuposa anthu a ku Ulaya. Iwo amayesa pulogalamu iliyonse kawiri, kompyuta ili pa intaneti ndiponso ili yosalumikizidwa. Defender imadalira kwambiri kufunsa kwa Microsoft pa intaneti ikakumana ndi fayilo yokayikitsa, ndipo ikakhala yosalumikizidwa imaphonya zambiri kuposa Bitdefender kapena ESET. Nanga laputopu zingati ku Bangwe zimakhala pa intaneti tsiku lonse? Bandulo ya Airtel kapena TNM imathera pa foni. Laputopu imalumikizidwa mwa apo ndi apo, ndipo mwini wake amayamba watseka maapudeti kuti asamudyere bandulo. Kompyuta yotere, yosomekedwa mafulashi makumi patsiku ngati ya pa sitefonale, ndi imene ndingailangize kugulira antivayirasi yeniyeni ya laisensi, ngakhale kuti ndi kusowa kwa ndalama zakunja komanso kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake ukuluma. Ngakhale yogulayo imafuna kudyetsedwa. Antivayirasi imazindikira adani ambiri poyang'ana pa mndandanda umene opanga ake amautumiza tsiku ndi tsiku. Ya mndandanda wa chaka chatha ili ngati makapisozi otha mphamvu ogula pamsika: mtundu wake ndi womwewo, mukamwa mtima umakhala pansi, koma matenda akupitirira.

Zaulere za makampani ena zimagwira ntchito, koma zili ndi mtengo wake. Mu 2024 bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, lidalamula Avast kulipira madola 16.5 miliyoni chifukwa chogulitsa mbiri ya masamba a intaneti amene makasitomala ake ankatsegula. Chaka chomwecho America idaletsa kugulitsa Kaspersky m'dzikomo poopa ubale wa kampaniyo ndi boma la Russia, zimene eni ake amakana. Chiletsocho sichifika kuno, ndipo aliyense aone yekha amene akumukhulupirira.

Ndiye pali Windows yeniyeniyo. Microsoft idasiya kukonza mabowo a Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo thandizo lanthawi zonse la Windows 10 lidatha pa 14 Okutobala 2025. Yendani m'masitefonale a ku Ndirande muwerenge makompyuta amene akadali pa Windows 7. Vayirasi ya WannaCry, imene idagwetsa makompyuta m'maiko pafupifupi 150 mu Meyi 2017 n'kusokoneza zipatala za ku Britain, idadutsa pa bowo limene Microsoft idali italitseka kale mu Malichi. Idagwira amene sadalandire chigambacho. Pa nyumba yopanda chitseko, mtundu wa galu si nkhani yoyamba kukambirana.

Mwana wa mchemwali wanga ndidamuyatsira Defender imene wogulitsa laputopu yake adaizimitsa, tidaononga bandulo ya tsiku limodzi kuti ilandire mndandanda watsopano, ndipo makalata ake tidawatumiza ku imelo yake kuti akhale pawiri. Ndidamuuza kuti akafuna kupulinta azitumiza pa WhatsApp kwa mwini sitefonale, fulashi izitsala kunyumba. Lachinayi adapitanso pamalo pomwe paja, poti ndi pamene pali pafupi ndipo amapulinta motchipa. Akuti mnyamata uja anali kalikiliki kufomata fulashi ya bambo wina wachikulire, amene adaima pambali chipewa chili m'manja, akumuthokoza.