Achikulire Athu ndi Kavalidwe ka Masiki

MAU OYAMBA

M'nyumba zambiri kuno kwa Zulu mukadali kansalu kena kamene kanakolekedwa pa msomali kapena kanaiwalika m'thumba la jekete la agogo. Kansalu kameneka ndi masiki, chotchinga pakamwa ndi pamphuno chija tinkavala nthawi ya mliri wa Covid-19. Mliri unachepa mphamvu, koma matenda oyenda mu mpweya sanathe ai. M'mutu uno tiona mmene achikulire athu ankavalira masiki, zifukwa zimene ena ankaikanira, ndiponso nthawi zimene masiki ikufunikabe lero.

TIKUMBUKIRE ZIMENE ZINACHITIKA

Pa 2 Epulo 2020 Boma linalengeza kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi Covid-19 m'Malawi muno. Mwezi womwewo Boma linafuna kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21, koma Khoti Lalikulu linaimitsa ganizoli anthu atadandaula kuti osauka adya chiyani. Mu Ogasiti 2020 kunatuluka malamulo akuti aliyense avale masiki pagulu, ndipo wosavala ankayenera kulipira chindapusa cha K10,000. Chiwerengero cha anthu osonkhana pamaliro ndi m'matchalitchi chinachepetsedwanso.

Mu Januwale 2021 matendawa anafika poipa. Pa 12 Januwale nduna ziwiri za Boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Katemera woyamba anafika mu Malichi 2021. Pofika pa 5 Meyi 2023, pamene Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse la WHO linalengeza kuti mliriwu sulinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse, Amalawi oposa 2,600 anali atamwalira, kungowerenga okhawo amene anayezedwa.

Ife a ku Mchinji tili m'malire. Tsiku ndi tsiku anthu amadutsa pa Mwami kupita ku Chipata ndi kubwerako, ena pa minibasi, ena pa kabaza, ena wapansi m'njira zachidule kukaona abale. Matenda safunsa chiphaso pa chipata. Chimene chagwa kutsidya, mawa chili m'mudzi mwathu.

CHIFUKWA CHIYANI TIKUNENA ZA ACHIKULIRE?

Munthu akamakula, chitetezo cha m'thupi chimachepa ndipo mapapo sagwira ntchito mwamphamvu ngati kale. Ambiri amakhalanso ndi matenda ena monga shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu kapena matenda a mtima. Chifuwa chimene mnyamata amachira nacho pa masiku atatu chingathe kugoneka agogo ake m'chipatala. N'chifukwa chake mu Juni 2020 bungwe la WHO linalangiza kuti anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndi onse odwala matenda okhalitsa, azivala masiki ya kuchipatala pamalo pamene sangathe kutalikirana ndi anzawo.

Tidziwenso kuti achikulire ndiwo sasowa pamalo odzaza anthu. Amai achikulire ndiwo amagona m'siwa usiku wonse, m'kanyumba kotseka, akuimba moyandikana. Abambo achikulire ndiwo amakhala pabwalo la milandu. Ndiwonso amadwazika matenda kuchipatala ndi kulera adzukulu amene amabwera ndi chimfine kuchokera kusukulu.

KODI MASIKI IMAGWIRA NTCHITO BWANJI?

Munthu akamatsokomola, kuyetsemula, kuimba ngakhale kulankhula, m'kamwa ndi m'mphuno mwake mumatuluka timadontho ting'onoting'ono, tina tosaoneka ndi maso. Tizirombo ta matenda timayenda m'timadontho timeneti. Tina timagwa pafupi, tina timatsalira mu mpweya, makamaka m'nyumba yopanda mawindo otsekula.

Masiki ili ngati sefa. Wodwala akaivala, timadontho tambiri timakodwa pa nsalu tisanafike kwa anzake. Munthu wabwinobwino akaivala, imachepetsa timadontho timene angapume. Sefa yobooka siigwira madeya, chimodzimodzinso masiki yosiya mphuno pamtunda. Masiki si mankhwala ndipo siteteza kotheratu. Imathandiza pamodzi ndi katemera, kusamba m'manja ndi sopo ndi kutsekula mawindo.

ZIZOLOWEZI ZIMENE TINAZIONA

Tonsefe tikukumbukira zinthu izi, ndipo sitikuzitchula pofuna kuseka makolo athu:

1. Masiki ya m'thumba. Ambiri ankaisunga m'thumba kapena kuimanga pa nsonga ya chitenje, n'kuivala pokhapokha akaona apolisi pamsewu kapena akafika pa geti la chipatala. Iyi inali masiki yoteteza ku chindapusa, osati ku matenda.

2. Masiki ya pachibwano. Inkavalidwa ndithu, koma pakamwa ndi pamphuno pali pululu.

3. Kuvula polankhula. Pa mwambo wathu, kulankhula ndi mfumu kapena apongozi utatseka pakamwa kumaoneka ngati chipongwe. Choncho anthu ankavula pa nthawi yeniyeni imene timadontho timatuluka.

4. Kubwerekana. Banja lonse linkakhala ndi masiki imodzi, ndipo wopita ku Boma ndiye ankaitenga.

5. Kusachapa. Masiki ya kuchipatala, yoyenera kutayidwa ikagwira ntchito, inkavalidwa sabata ndi sabata mpaka kuda bii.

ZIFUKWA ZAKE NDI MAYANKHO AKE

"Ndimabanika." Zoonadi masiki imatentha, makamaka mu Okutobala. Koma mpweya wabwino umadutsa pa nsalu popanda vuto. Agogo angathe kutuluka panja, pamalo opanda anthu, n'kupuma kanthawi. Amene akubanika kwambiri apite kuchipatala, chifukwa kubanikako kungakhale chizindikiro cha matenda ena.

"Sindikumva zimene mukunena." Achikulire ambiri amene makutu anayamba kuvuta amamva poyang'ana milomo. Masiki inawasandutsa alendo pakati pa abale awo. Yankho lake ndi lakuti ife tilankhule pang'onopang'ono, momveka, titawayang'ana kumaso.

"Ndalama ndilibe." Ili linali vuto lenileni. Lamulo linabwera ndi chindapusa, koma nkhalamba yokhala yokha, yosowa ngakhale ya mchere, ikanaitenga kuti ndalama yogulira masiki? Apa mlandu sunali wa nkhalambayo koma wa ife achibale ndi anansi.

"Ndakalamba kale, imfa siithawika." Moyo wa munthu suchepa mtengo chifukwa cha imvi. M'midzi mwathu muli ana amasiye ambiri amene akudya ndi kupita kusukulu chifukwa agogo awo ali moyo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambo likauma, mudzi wonse umapsa.

"Ndi matenda a m'tauni." Mphekesera zotere zinafala kwambiri. Koma amene ankabwera kumaliro kuchokera ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Joni ankagona m'nyumba zathu zomwezi.

KODI LERO MASIKI IKUFUNIKABE?

Masiku ano palibe wapolisi amene akuimitsa anthu chifukwa cha masiki. Tsopano ndi nkhani ya nzeru ndi chikondi. Covid-19 ikadalipo ngakhale mphamvu yake inachepa, chimfine chimabwera chaka ndi chaka nthawi yozizira, ndipo chifuwa chachikulu cha TB, chimenenso chimayenda mu mpweya, chili pakati pathu kuyambira kale. Ndi bwino kuvala masiki pa nthawi izi:

(a) Pamene mukutsokomola kapena kuyetsemula koma muyenera kukhala pagulu, m'tchalitchi, m'siwa kapena m'minibasi.

(b) Pamene mukusamalira wodwala chifuwa m'nyumba, kapena mukudikira pamzere kuchipatala.

(c) Pamene wachinyamata wodwala chimfine akupita kukaona agogo. Apa woyenera kuvala ndi iyeyo.

(d) Pa ntchito za fumbi monga kusankha fodya m'chigafa, kupeta ndi kusesa. Koma dziwani kuti nsalu wamba siiteteza ku mankhwala opopera m'munda.

Aliyense amene watsokomola sabata ziwiri osasintha, akuonda kapena kutuluka thukuta usiku, akayezetse makhololo. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za Boma ndipo amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi. Masiki singalowe m'malo mwa mankhwala.

KAVALIDWE KOYENERA

1. Sambani m'manja ndi sopo musanavale ndiponso mukavula.
2. Masiki itseke mphuno, pakamwa ndi chibwano, osasiya mpata m'mbali.
3. Povula gwirani zingwe, osati kutsogolo kwake.
4. Ya nsalu ikhale yophatikiza katatu. Telala wa pamsika angathe kusoka ndi zidutswa zoyera.
5. Ichapeni tsiku lililonse ndi sopo ndi madzi otentha, ndipo iume padzuwa.
6. Ya kuchipatala ikanyowa kapena kuda, itayeni m'chimbudzi chokumba.
7. Musabwerekane, ngakhale mwamuna ndi mkazi wake.
8. Ana osaposa zaka zisanu asavekedwe masiki.

UDINDO WATHU

Munthu wamkulu salamulidwa ngati mwana. Nthawi ya mliri achinyamata ena ankakalipira makolo awo pagulu, ndipo makolowo ankaumitsa khosi. Mau aulemu monga akuti, "Agogo, ndakusokerani iyi, tiyeni tivalire limodzi," amatha ntchito kuposa kukalipa. Mafumu ndi atsogoleri a mphakati akayamba kuvala okha, n'kunena poyera kuti kulankhula utavala masiki si chipongwe, anthu onse amamasuka.

Mphakati uliwonse umadziwa nkhalamba zimene zilibe wozisamala. Tingathe kusonkha kangachepe kogulira sopo ndi nsalu, ndi kuitana mlangizi wa zaumoyo kuti adzayankhe mafunso. Tilinso ndi ufulu wofunsa komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi makhansala athu kuti, mliri wina ukadzabwera, achikulire ndi osauka adzathandizidwa bwanji lamulo lisanayambe kuluma. Mutu umodzi susenza denga.

MAFUNSO OKAMBIRANA MU MPHAKATI

1. Kodi ndi zizolowezi ziti mwa zisanu zija zimene tinaziona m'mudzi mwathu?
2. Tingasunge bwanji mwambo wa kugona m'siwa popanda kuika moyo wa amai achikulire pachiswe?
3. Ndi achikulire angati mu mphakati wathu amene akukhala okha, nanga akadwala chifuwa amawaperekeza kuchipatala ndani?
4. Tichita chiyani mwezi uno, ndipo adzatsogolera ndani?