NJOKA ZA M'MIMBA MWA NKHOSA: MASAMBA AMATHANDIZA KUFIKA PATI?

Omvera athu a ku Angónia, Tsangano ndi midzi ya m'malire, mvula ikayamba nkhosa zambiri zimawonda ngakhale msipu uli wobiriwira. Kawirikawiri chimachititsa ndi njoka za m'mimba. Ambiri amafuna kudziwa ngati masamba a mitengo angalowe m'malo mwa mankhwala ogula. Yankho ndi lakuti masamba amathandiza kupewa, koma sachiza nkhosa imene yadwala kale.

Njokazi zimalowa bwanji?

Njoka yoopsa kwambiri akatswiri amaitcha Haemonchus contortus. Ndi yaing'ono ngati ulusi, yotalika masentimita 2 kapena 3. Imakhala m'chifu chomaliza cha nkhosa n'kumayamwa magazi. Njoka 1,000 zimamwa pafupifupi mamililita 50 a magazi tsiku lililonse. Yaikazi imaikira mazira masauzande patsiku, ndipo mazirawo amatuluka ndi ndowe. Kukafunda ndi kunyowa amaswa, tiana take timakwera pa udzu, nkhosa n'kutidya. Pakatha milungu itatu natonso timayamba kuikira.

Masamba amene amathandiza

Masamba ena ali ndi tanini, khambi lija mumalimva mukaluma nthochi yosapsa. Nkhosa ikamadya masamba otere, njoka zimaikira mazira ochepa ndipo msipu suipitsidwa msanga. Masambawa amapatsanso thupi chakudya chomanga, choncho nkhosa imalimba n'kubwezeretsa magazi otayika.

Lukina: perekani pang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Akachuluka amathothola ubweya ndi kudwalitsa chiweto.

Chigwada: chiyanikeni kaye chiume. Masamba aawisi a chinangwa chowawa ali ndi poizoni amene angaphe nkhosa.

Nyemba za mtengo wa nsangu: tolani zikagwa, musunge pouma kuti mudzapatse nkhosa m'chilimwe msipu ukatha.

Ena amagwiritsa ntchito nthanga za papaya, za maungu kapena masamba a nimu. Vuto ndi lakuti mphamvu yake imasiyana mtengo ndi mtengo, ndipo palibe mlingo wodalirika. Musaike moyo wa nkhosa yofooka pa zimenezi.

Yang'anani m'diso

Ku South Africa, m'zaka za m'ma 1990, madokotala a ziweto anakonza njira yotchedwa FAMACHA. Mumatsitsa chikope cham'munsi cha nkhosa pamalo owala n'kuona mtundu wa mkati mwake. Mukakhala mofiira, magazi alipo okwanira. Mukatuwa kapena kuyera, magazi atha. Chizindikiro china ndi kutupa pansi pa chibwano. Nkhosa yotere ikufunika mankhwala tsiku lomwelo, monga albendazole, levamisole kapena ivermectin. Chitani zimenezi milungu iwiri iliyonse nthawi ya dzinja, makamaka kwa ana a nkhosa ndi zoyamwitsa.

Mwetsani zokhazo zimene zikuonetsa zizindikiro, ndipo mlingo ugwirizane ndi kulemera kwa chiweto. Kumwetsa khola lonse pafupipafupi, kapena kuchepetsa mlingo pofuna kusunga ndalama, kumapangitsa njoka kupima mankhwala mpaka kusiya kufa. Albendazole musapatse nkhosa imene yangotenga bere kumene.

Zina zoyenera kuchita

Tsegulani khola mame atauma. Sinthani malo odyetsera, ndipo pewani madambo a madzi oima chifukwa muli nkhono zofalitsa njoka za m'chiwindi. Sesani ndowe m'khola kawirikawiri.

Za umoyo wa banja lanu

Nkhosa imene yamwa mankhwala musaiphe kapena kuigulitsa kwa opha nyama masiku olembedwa pa botolo asanakwane, chifukwa mankhwalawo amatsalira mu nyama. Mankhwala a ziweto si a anthu. Mwana akakhala ndi njoka za m'mimba, pitani naye kuchipatala.

Mukaona diso la nkhosa layera, musadikire kuti masamba agwire ntchito. Kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu mwamsanga.