Wodwalitsitsa alowe koyamba: zimene Pulofesa Molyneux anasintha m'zipatala

Anzanga achinyamata, ambiri a ife tinaperekezapo alamu kapena amayi athu kuchipatala ndi mwana wodwala. Mwalawirira, mwakhala pamzere mpaka dzuwa kukwera, kenako mukuona anamwino akutenga mayi amene wangofika kumene nkumulowetsa. Anthu nkuyamba kung'ung'udza: "Ameneyo ndi mbale wawo eti?" Nthawi zambiri si kukondera ayi. Imeneyi ndi njira yopulumutsira ana, ndipo inayesedwa konkuno ku Malawi.

Vuto linali pamzere

Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi dokotala wa ana wochokera ku Britain. Anagwira ntchito zaka zambiri pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chija timati Gulupu, komanso ankaphunzitsa madokotala ku College of Medicine. Iwo ndi anzawo anaona kuti ana ambiri ankamwalira tsiku lomwelo lowagoneka. Chifukwa china chinali chakuti woyamba kufika ndiye ankayamba kuonedwa. Mwana wa chimfine ndi mwana wobanika ndi chibayo ankadikira mofanana.

Mu 2001 chipatalachi chinatsegula malo olandirira ana odwala mwakayakaya, ndipo ogwira ntchito anaphunzitsidwa kumuyang'ana mwana aliyense akangofika nkumuika m'gulu lake. Magulu ndi atatu. Loyamba ndi la ana ofunika thandizo pompopompo, monga wobanika, wokomoka kapena wotha madzi m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba. Lachiwiri ndi la ofunika kuonedwa msanga, monga khanda losakwana miyezi 2, mwana wopsa ndi moto kapena womwa poizoni. Lachitatu ndi la amene angathe kudikira.

Mu 2006 anasindikiza zotsatira zake. Kale, mwa ana 100 ogonekedwa, ankamwalira 10 mpaka 18. Atasintha kalandiridwe, chiwerengero chinatsika kufika pa 6 mpaka 8. Mwaonatu, sanabweretse mankhwala achilendo. Anasintha mzere ndi kuphunzitsa anthu. Njirayi imatchedwa ETAT. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mabuku ophunzitsira njirayi mu 2005, ndipo inafalikira mpaka ku Kenya ndi ku Rwanda.

Makina otchedwa Pumani

Mwana akalowa msanga, pafunikanso chomuthandizira kupuma. Khanda lobadwa masiku asanakwane limakhala ndi mapapo osakhwima. Likatulutsa mpweya, timatumba ta m'mapapo timamatana ngati jumbo yonyowa, ndiye kuti tifutukukenso khanda limalimbana mpaka kutopa. Makina othandiza analipo kunja, koma okwera mtengo zedi.

Pulofesa Molyneux ndi Dokotala Kondwani Kawaza anagwirizana ndi akatswiri a pa Rice University ku America kuyesa makina otsika mtengo. Oyambirira ankagwiritsa ntchito timapampu ta m'magalasi owetera nsomba. Pampu imakankha mpweya kudzera m'timapaipi ta m'mphuno mwa khanda. Paipi ina imaviikidwa m'botolo la madzi nkumatulutsa thovu, ndipo ikazama kwambiri m'madzimo, mphamvu ya mpweya imakulanso. Mpweya umenewu ndi umene umagwira mapapo kuti asamatane.

Zotsatira za kafukufuku wa ku Queen Elizabeth zinatuluka mu 2014. Mwa makanda 100 alionse obanika amene anaikidwa pamakinawa, 71 ankapulumuka. Mwa 100 alionse amene anangolandira okosijeni, ankapulumuka 44. Makinawa anapatsidwa dzina lathu lomwe, Pumani, ndipo anafika m'zipatala za m'maboma. Komabe makina paokha sachiza, pafunika namwino wophunzitsidwa womuyang'anira mwanayo.

Nanga ife mbali yathu ndi iti?

Zonsezi zimathandiza mwana amene wafika kuchipatala. Amene wagonekedwa kunyumba masiku atatu akumwetsedwa panado wa pagolosale, kapena akutemedwa mphini m'nthiti, Pumani sangamufikire. Choncho tiyeni tidziwe zizindikiro.

Mwana akamatsokomola, dikirani atonthole, muvundukule pachifuwa, muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu poyang'ana wotchi ya pafoni. Ndiye kuti akupuma mothamanga ngati:

- ali ndi miyezi yosakwana 2 ndipo wapuma ka 60 kapena kuposa;
- ali ndi miyezi 2 mpaka 11 ndipo wapuma ka 50 kapena kuposa;
- ali ndi chaka 1 koma sanakwane zaka 5 ndipo wapuma ka 40 kapena kuposa.

Mwana wotero aonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo. Koma ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, akulephera kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena sakudzuka, musadikire kuti kuche. Bwerekani njinga basi.

Mukafika musakhale chete kumapeto kwa mzere. Pitani kwa anamwino mwaulemu, munene kuti, "Pepani, mwanayu akubanika." Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo tsiku limene mwana wa mnzathu walowetsedwa ife tili pamzere, tiwafotokozere ong'ung'udza aja chifukwa chake.

Zokambirana ku kalabu

1. Nchiyani chimachedwetsa makolo m'mudzi mwathu kupita ndi mwana kuchipatala?
2. Mwana atabanika usiku, njinga tingaipeze kwa ndani?
3. Itanani mlangizi wa zaumoyo adzatisonyeze kawerengedwe ka kupuma kwa mwana.