Mwana wa "13" ali ndi miyezi ingati?

Pa sikelo ina ya kumudzi m'boma la Mulanje, wodzipereka wina analemba msinkhu wa mwana kuti "1.3", kutanthauza chaka chimodzi ndi miyezi itatu. Kadontho kaja sikanaoneke bwino, ndipo mnzake anawerenga kuti miyezi 13. Mayi anauzidwa kuti katemera wachiwiri wa chikuku sanakwane, adikire miyezi iwiri. Koma mwanayo anali ndi miyezi 15, msinkhu weniweni wolandira katemerayu.

Palibe amene anali mbuli apa. Awiriwa ankangomanga mitolo yosiyana.

Kusukulu tinazolowera mitolo ya khumi. Tikalemba 13 timatanthauza mtolo umodzi wa khumi ndi zitatu zotsala. Koma miyezi timaimanga m'mitolo ya 12, ndipo mtolo wake ndi chaka. M'kawerengedwe kameneka, 1 ndi 3 zoyandikana ndi 12 kuwonjezera 3, yomwe ndi 15. Nambala ndi yomweyo, malembedwe ndi amene asintha.

Izi si zachilendo kwa ife. Chichewa chathu chimawerengera pa dzanja: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Dzanja likatha timayambanso: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Timizere timene alangizi a zaumoyo amalemba powerenga ana obwera kusikelo n'chimodzimodzi, tinayi toimirira ndi kachisanu kodula pakati. Ana 23 ndi mitolo inayi ndi timizere titatu, ndiye m'mitolo ya zisanu 23 imalembedwa 43. Chosangalatsa n'chakuti nambala yakumapetoyo siingapose 4, ndipo imakuuzani zotsala mukagawa ndi 5. Ikakhala 0, palibe chotsala. Miyezi 15 ija m'mitolo ya zisanu ndi 30, pomwe kompyuta, imene imamanga mitolo ya ziwiriziwiri, imailemba 1111.

Ngakhale wotchi ili ndi mitolo yakeyake ya 60, imene tinatengera kwa anthu akale a ku Babulo. Ikaonetsa 1:30 ndiye kuti masekondi 90, osati 130.

Pomwe ine ndimada nkhawa kwambiri m'pa chibayo. Mwana akamatsokomola timawerenga kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu. Kuyambira miyezi iwiri mpaka 11, timati akupuma mofulumira akafika ka 50 kapena kuposa. Kuyambira miyezi 12 mpaka asanakwanitse zaka zisanu, malire ake ndi ka 40. Tsono taganizani za mwana wa chaka ndi mwezi umodzi amene walembedwa "1.1", wina n'kuwerenga kuti miyezi 11. Mwanayu ali ndi miyezi 13. Akapuma ka 45, wowerenga molakwikayo adzati zili bwino, amutumize kunyumba, pomwe chimenecho ndi chizindikiro cha chibayo chofunika mankhwala tsiku lomwelo.

Choncho kwa mwana wosakwana zaka zisanu, odzipereka musalembe zaka ndi miyezi mozilekanitsa ndi kadontho. Chulukitsani zaka ndi 12, onjezerani miyezi yotsala, ndipo lembani mawu oti "miyezi" patsogolo pa nambalayo. Zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi miyezi 29. Inu makolo, musangonena pakamwa kuti "wakwanitsa chaka". Tengani kabuku ka kusikelo nthawi zonse, kuti wolembayo awerengere yekha kuchokera pa tsiku lobadwa.