Chenjezani Ana za Galimoto Zogonamo Alendo

Inu a kunyanja, ku Senga Bay, ku Chembe ndi ku Nkhata Bay, mwaziona galimoto zija za alendo zokhala ndi kama, chitofu ndi firiji m'kati mwake. Zambiri zichokera ku South Africa. Zikafika pamalo ogona, mwini wake amakoka nthambo nailumikiza ku magetsi. Ana anu amapita komweko kukagulitsa nthochi ndi mazira, ndipo ena a inu ndinu alonda kumeneko. Tsono tamverani.

Nthambo yabwino ili ndi mawaya atatu. Awiri ndiwo ayendetsa magetsi. Wachitatu, wobiriwira ndi mizere yachikasu, ntchito yake ndiyo kutaya magetsi m'nthaka ngati kanthu kaonongeka m'galimoto. Waya ameneyu akaduka, nyali ziyakabe, firiji izizirabe, mwini sadziwa kanthu. Koma chitsulo chonse cha galimoto chikhoza kudzala magetsi a mavoti 230, ndipo matayala, pokhala a mphira, sawalola kutsikira pansi. Mwana wopanda nsapato akaima pa mchenga wonyowa nagwira chitseko, magetsiwo adzera mwa iyeyo.

Pulagi za ku South Africa zili ndi miyendo yobulungira, pamene soketi zathu zifuna miyendo yamakona. Apa munthu wosaleza mtima amadula pulagi, nalowetsa mawaya awiri okha m'soketi, nawapanikiza ndi timitengo ta machesi. Mlendo akakupemphani kumthandiza motero, kanani, ngakhale akulonjezeni ndalama. Nanunso a pampu za magetsi kudimba, chizolowezi chimenechi ndachiona kwa inu, chilekeni.

Polumikiza, yambani mwazimitsa swichi. Lowetsani nthambo ku galimoto, kenaka ku soketi, ndipo pomaliza yatsani. Pochotsa, zimitsani ndi kuyambira ku soketi. Nthambo muitambasule yonse, pakuti yokulungidwa imatentha, ndipo isagone m'thaphwi.

Mukagwira galimoto nimumva kunyerenyesa m'zala, ngakhale pang'ono, zimitsani magetsi ndi kuitana mmisiri. Munthu akagwidwa, musamkoke ndi manja, mungagwidwe nonse awiri. Thamangirani ku swichi. Ikakhala kutali, mkankheni ndi mtengo wouma, inu mutaima pa thabwa louma. Pitani naye kuchipatala ngakhale adzuke nanena kuti ali bwino, chifukwa magetsi amasokoneza kagundidwe ka mtima.