Mutu 6: Kunyika Nsalu ya Thonje Pakhomo Kuti Isasuluke

Chiyambi

Mphunzitsi mnzanga, mwina munaonapo izi. Mayi wagula nsalu yoyera ndi utoto, wanyika, nsalu yatuluka yowala mochititsa kaso, ndipo wagulitsa. Sabata isanathe wogula uja wabwerera nkhope ili gwaa. Nsalu yasuluka pochapa koyamba, yadetsanso malaya oyera a mwana wasukulu. Mpamba wapita, dzina nalo laipa. Ine ndinaziona zimenezi m'kalasi ya sukulu ya kwacha ya amayi ochokera ku Malawi ku Mabopane, kumpoto kwa mzinda wa Pretoria. Onse ankadabwa, popeza mchere anathira wambiri monga anauzidwira. Vuto linali lakuti mchere sumanga utoto. Mutu uno ukufotokozerani chimene chimamanga.

Zolinga

Pomaliza mutu uno muzitha:
a) kuzindikira nsalu ya thonje lenileni;
b) kufotokoza ntchito ya mchere ndi ya soda ponyika;
c) kutsogolera ophunzira anu kunyika nsalu mosamala;
d) kugwiritsa ntchito phunziroli pophunzitsa kuwerenga ndi masamu.

Yambani ndi kudziwa nsalu yanu

Si nsalu iliyonse yoyera imene ili ya thonje. Zambiri zotsika mtengo n'zosakaniza ndi poliyesitala, ndipo ulusi wa poliyesitala sulandira utoto wa thonje. Dulani kachidutswa kakang'ono, kagwireni ndi chopanira, kenaka kayatseni muli panja, madzi ali pafupi. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkhanso ngati pepala, ndipo limasiya phulusa lofewa. Poliyesitala amasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda. Nsalu yosakaniza imanyikika ndithu, koma mtundu wake umatuluka wotuwa.

Nsalu yatsopano imabweranso ndi sitalichi wa ku fakitale. Amene munagwirapo shweshwe yatsopano kuno ku South Africa mukudziwa mmene imaumira isanachapidwe. Sitalichi ameneyu pamodzi ndi mafuta ndi litsiro zimatsekereza utoto, n'chifukwa chake nsalu zina zimatuluka zamathothomathotho. Choncho ichapeni kaye ndi madzi otentha ndi sopo, muitsukuluze bwino.

Utoto ulipo wamitundumitundu

Utoto wina wa m'mapaketi ndi wowiritsa pamoto pamodzi ndi nsalu ndi mchere. Umenewu umalowa mu ulusi n'kungokangamira pamenepo, koma sumangika. Nthawi iliyonse mukachapa, wina umatuluka. Ngakhale muwonjezere mchere chotani, khalidwe lake ndi lomwelo.

Utoto woyenera kwambiri pa thonje ndi umene pa paketi pake pamalembedwa kuti reactive. Unayamba kugulitsidwa mu 1956 ndi kampani ya ICI ya ku England, ndi dzina lakuti Procion. Mtundu wake wa madzi ozizira sufuna moto. Utotowu umalumikizana ndi ulusi wa thonje n'kukhala mbali ya ulusiwo, moti sopo sangauchotse. Koma kulumikizanaku sikuchitika popanda soda ash, amene m'masitolo amatchedwanso washing soda. Amapezeka pa shelefu ya sopo, kapena kumene amagulitsa mankhwala a m'madamu osambiramo.

Nanga mchere ntchito yake n'chiyani? M'madzi, thonje ndi utoto zimakankhana ngati nsonga zofanana za maginito. Mchere umachepetsa kukankhanako kuti utoto uchoke m'madzi n'kuyandikira nsalu. Pofotokozera ophunzira mungati: mchere ndi mnzako wokuperekeza kokafunsira mbeta, koma nkhoswe yomanga ukwati ndi soda.

Chenjerani ndi zinthu zitatu zimene anthu amasokoneza. Soda wophikira thelele ndi wofooka, sangakwanitse ntchitoyi m'madzi ozizira. Caustic soda, wopangira sopo uja, ndi waukali kwambiri, amawotcha khungu ndipo akhoza kuchititsa khungu akagwera m'maso. Viniga amathandiza ponyika ubweya wa nkhosa ndi silika, koma pa thonje amangofooketsa soda.

Njira yake

Miyeso iyi ndi ya nsalu youma yolemera magalamu 500, ndipo kapu yake ndi ya mamililita 250. Ngati paketi yanu ikunena zina, tsatirani paketi, chifukwa mapaketi ena amabwera soda ali kale momwemo.

1. Thirani madzi ofunda malita 12 m'ndowa ya pulasitiki, musungunuliremo mchere makapu 3.
2. Sungunulani utoto supuni yaikulu imodzi m'timadzi tofunda mpaka pasakhale zibuluma, kenaka thirani m'ndowa muja. Mitundu yakuda bii imafuna utoto wochuluka kuposa apa.
3. Ikani nsalu ili yonyowa, muzitakasa kwa mphindi 20.
4. Sungunulani soda ash masupuni aakulu 5 m'madzi ofunda. Kankhirani nsalu pambali, muzithira sodayo pang'onopang'ono kwa mphindi 15 uku mukutakasa. Mukamukhuthulira pansalu penipeni, pamenepo padzada kuposa pena.
5. Pitirizani kutakasa kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi.
6. Tsukuluzani ndi madzi ozizira, kenaka chapani ndi madzi otentha ndi sopo mpaka madzi azituluka oyera. Utoto umene ukutuluka apa ndi wotsala, umene sunamangike. Usakudetseni nkhawa, koma uchoke wonse nsalu isanapite kwa wogula.
7. Yanikani pamthunzi.

Musasunge madzi a m'ndowa kuti munyikirenso mawa. Soda akangolowa, utoto umayamba kulumikizananso ndi madzi enieniwo, ndipo pakapita maola ochepa umakhala utatha mphamvu ngakhale ukuonekabe wakuda.

Pa tie and dye, kunyika komanga nsalu ndi zingwe kuja, soda ndiye amayamba. Viikani nsalu kwa mphindi 20 m'madzi malita 4 osungunuliramo soda kapu imodzi. Finyani, mangani, thirani utoto, kenaka kulungani m'pulasitiki mpaka mawa lake.

Nyengo nayo ili ndi mbali

Utotowu umagwira bwino pamalo pakakhala potentha madigiri 21 kapena kuposerapo. Ku Nsanje kapena ku Tete zimenezi sizivuta kawirikawiri. Koma ku Mabopane mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri, ndipo nsalu yosiyidwa pakhonde kapena m'nyumba ya malata imatuluka yotuwa ngakhale miyeso inali yolondola. M'miyezi imeneyi nyikani m'mawa dzuwa litakwera, ikani nsalu m'jumbo yakuda padzuwa, usiku muilowetse m'chipinda chofunda, ndipo muipatse masiku awiri.

Kudziteteza

Valani magolovesi. Potsegula ufa wa utoto phimbani mphuno ndi pakamwa, chifukwa kuupuma kawirikawiri kukhoza kuyambitsa chifuwa cha mphumu. Ndowa, supuni ndi mthiko wonyikira zisabwererenso kukhitchini. Musasunge madzi a soda m'botolo la zakumwa, mwana angamwe. Madzi otsala asatayidwe m'dimba, pafupi ndi chitsime kapena mumtsinje.

Kulumikiza ndi phunziro la kuwerenga

Munthu wamkulu amaphunzira msanga mawu amene akumupulumutsira ndalama. Lembani pabolodi mawu akuti utoto ndi soda. Agaweni m'maphatikizo: u-to-to, so-da. Kuchokera apa pangani ta te ti to tu ndi sa se si so su, ophunzira apange okha mawu atsopano. Popeza mapaketi ambiri amalembedwa m'Chingerezi, bweretsani mapaketi enieni kuti azolowere kuzindikira mawu atatu awa: cotton, reactive ndi cold water. Aliyense akhale ndi kope lomatamo kachidutswa ka nsalu iliyonse imene wanyika, n'kulemba pambali pake tsiku ndi miyeso.

Ntchito

1. Dulani zidutswa zitatu za nsalu imodzi ya thonje. Choyamba nyikani ndi utoto ndi mchere basi, chachiwiri ndi utoto ndi viniga, chachitatu ndi utoto, mchere ndi soda. Chapani chilichonse katatu. Musawauze ophunzira yankho, aone okha. Lembani zimene anena.
2. Nsalu ikulemera kilogalamu imodzi ndi theka. Pezani miyeso ya madzi, mchere, utoto ndi soda.
3. Wophunzira wanu wanyika nsalu mu Julayi, watsatira miyeso yonse, koma yatuluka yotuwa. Lembani mafunso atatu amene mungamufunse.

Matani zidutswa zitatu zija papepala, mutumize pamodzi ndi mayankho anu kwa mlangizi wanu wa maphunziro.