Chinamwali Chodikira Holide ku Tamanda

Ku Tamanda, kumpoto kwa Chipata pafupi ndi malire a Malawi, mtsikana akatha msinkhu nkhani imayambabe monga kale. Amauza agogo ake kapena azakhali, osati mayi ake omubereka, ndipo akuluakuluwo amamupezera phungu. Chasintha ndi tsiku lolowa m'nyumba. Lero ambiri amadikira kuti sukulu itseke, makamaka mu Ogasiti, chimanga chili m'nkhokwe, ndalama za fodya ndi mtedza zisanathe. Masiku a m'tsimba nawonso achepa. Anamkungwi okalamba amakamba za milungu. Adzukulu awo amatuluka patangopita masiku owerengeka.

M'katimo zambiri zikadalipo. Namwali amakhala pamphasa atatambalala, mutu atazyolika, osayankha. Mwambo umabwera m'nyimbo ndi m'magule: ulemu kwa makolo, kudzisamala pa nthawi ya kumwezi, kusalowanso kuchipinda kwa bambo ndi mayi. Tsiku lotuluka amavala chitenje chatsopano ndi mikanda, anthu n'kumafupa ndalama m'mbale, pamene anzake akumujambula pa foni. Kumeta kokha ndiko kumavuta, chifukwa ena amangochotsa tsitsi pang'ono kuti mwambo uoneke kuti wachitika.

Anthu amakonda kunena kuti mafoni ndiwo awononga chinamwali. Ku Tamanda mkanganowu ndi wakale kuposa foni. Malowa ndi mishoni ya mpingo wa Dutch Reformed, umene udayamba ntchito ku Magwero mu 1899 n'kufika kuno m'zaka za m'ma 1920, ndipo lero ndi Reformed Church in Zambia. Mpingowu udakana ng'oma ndi Gule Wamkulu pa chinamwali, n'kuika chilangizo m'manja mwa amayi a mumpingo otchedwa alangizi. Agogo ambiri amene akudandaula lero adalangidwa ndi Baibulo pamwendo, agogo awo akuwanena kuti ataya mwambo.

Pamene akulu ndi ana asiyaniranadi ndi pa funso lakuti "chifukwa chiyani?" Taonani za mchere. Namwali amauzidwa kuti akakhala kumwezi asathire mchere m'ndiwo, aitane mwana wamng'ono amuthirire, apo ayi adula anthu a m'nyumbamo, adwala mdulo, chifuwa ndi kutupa. Mtsikana wa pasukulu amene waphunzira za msambo m'kalasi amafunsa kuti mcherewo umadziwa bwanji. Kwa namkungwi, funso limeneli ndi mwano, pakuti namwali safunsa. Kwa mwanayo, lamulo lopanda chifukwa ndi kungoopsezana. Apa ine ndili kumbali ya mwanayo, ngakhale lamulolo lili ndi nzeru yake: a m'nyumba amadziwa kuti mkaziyo ali kumwezi iye asanatsegule pakamwa. Alangizi amene amafotokoza zotere amamvedwa. Amene amangoopseza ndi imfa amayankhidwa kuti "inde agogo", mchere n'kumathiridwa ndithu.

Nkhani yolemera ndi ya malangizo a m'banja. Kale mtsikana akatuluka m'tsimba ankayembekezera ukwati posachedwa, choncho ankaphunzitsidwa zonse nthawi imodzi, za kuchipinda zomwe. Kalonga Gawa Undi, amene mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakamulambira ku Mkaika m'boma la Katete mu Ogasiti chaka chilichonse, wakhala akuletsa kukwatiwitsa ana ndi kuwaphunzitsa za akuluakulu akadali pa sukulu. Boma la Zambia lidasinthanso lamulo la ukwati mu 2023, kotero ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wosavomerezeka, ngakhale utakhala wa pamwambo. Malangizo a m'banja tsopano amasungidwa mpaka ukwati utayandikira.

Agogo sadagonje pamenepa, ndipo dandaulo lawo si lopanda pake. Amati pakati pa chinamwali cha holide ndi ukwati pamadutsa zaka zambiri zopanda wolangiza, ndipo mimba za ana a sukulu sizidathe, ngakhale kuti kuyambira 1997 wobereka amaloledwa kubwerera m'kalasi. Phungu wakale ankakhala pafupi ndi namwali wake kufikira pa mwana woyamba. Lero mtsikana akapita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ku Chipata, phunguyo amatsala kumudzi. Ukwati ukayandikira, abale amalemba ganyu alangizi a ku Kapata kapena ku Mchini, m'tauni momwemo, amene sadamuonepo chikhalire, amulange masiku angapo tsiku la kitchen party lisanafike, n'kuwalipira.